Mapiritsi a nkhawa amene anandilanditsa mwana

Ndikudziwa kuti ena muwerenga izi mukupukusa mutu, muziti mayiyu akungofuna kuipitsa mbiri ya alamu ake, koma Mulungu akundiona, palibe chimene ndawonjezera pa nkhaniyi, mwinanso ndachita kuchotsako zina zonyansa kwambiri. Zinandichitikira ine mwini wakene, mu Blantyre momwe muno, osati kumudzi kwinakwake kumene mungati anthu ake sadziwa chipatala ayi, ndipo amene anandichita zimenezi ndi anthu ovala bwino, odziwa kuwerenga, osajomba kutchalitchi. Maina sinditchula, osati chifukwa chowamvera chisoni, chisoni chimenecho ndilibe, koma chifukwa mwana wanga amalembetsa dzina la bambo ake ndipo sindifuna azilozedwa chala kusukulu. Eni akewo akawerenga adzizindikira okha, ndipo zikawapweteka ziwapweteke basi.

Ine ndine wa ku Nancholi, ndinabadwira konko, ndipo nthawi imeneyo ndinali sekilitale pa ofesi ina ku Ginnery Corner. Amuna anga ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale n'kudzakhazikika ku Bangwe, ndipo kwawoko amalowola, ana amawerengedwa kuti ndi a kuchimuna, pomwe kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Pokwatirana kusiyana kumeneku tinkangokuseka, nanga m'tauni muno ndani amalabadira zimenezo zinthu zikamayenda bwino? Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, anali atangoyamba kumene pulayimale. Tsiku lina m'nyengo yozizira amuna anga anapita kuntchito ali bwinobwino, masana anangogwa ali pakati pa anzawo, pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Madokotala anati ndi matenda othamanga magazi, amene malemuwo ankawadziwa koma mankhwala ake ankamwa akakumbukira.

Maliro atatha, apongozi anga, mayi awo a malemu, analamula kuti ndivale zakuda kuyambira duku mpaka nsapato kufikira tsiku lodzandisudzula, lija achibale amamasula mayi wamasiye kuti ayambe moyo wina. Sindinakane, amuna anga ndinkawakonda, ndikanavala ngakhale chiguduli. Nkhawa nayo inandigwira, nanga ndani sangamugwire? Foni ikalira mtima unkadumpha poganiza kuti ndi uthenga winanso woipa, ndikakwera minibasi ndinkaona ngati tigubuduzika, mwana akachedwa pang'ono kuchokera kusukulu ndinkakaima pamsewu n'kumafunsa aliyense wodutsa. Koma mumvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ndinkadya monga mwa masiku onse, ndinkapezako tulo, ntchito ndinkagwira, thupi langa linali lomwe lija. Chinali chisoni cha munthu woferedwa, chimene chikanatha chokha akanandisiya.

Apa ndiye panalowa alamu anga, mchemwali wawo wamkulu wa malemu, mayi wa shopu ya zodzoladzola ku Limbe, amene pambali ankagulitsanso mankhwala a m'mabotolo ochokera kunja, aja amati amachiza chilichonse kuyambira msana mpaka kusabereka. Anabwera kunyumba ndi nkhope yachifundo, n'kutulutsa m'chikwama botolo la makapisozi, ati ndi a nkhawa. Anandiuza kuti ndi opangidwa kuchokera ku muzu wina wa ku India, ndi zachilengedwe zokhazokha, alibe vuto lililonse, ngakhale mwana akhoza kumwa. Anawonjezera kuti ndisayerekeze kupita kuchipatala chifukwa kumeneko akangondipatsa mapiritsi ogonetsa ondisandutsa chitsiru, kenako dzina langa likalowe m'gulu la amisala. Inu mukanatani? Munthu wamkulu, mlongo wake wa mwamuna wako, wakubweretsera chithandizo mpaka pakhomo pamene ena onse abalalika. Ndinathokoza mpaka kugwada, ndipo madzulo omwewo ndinayamba kumwa.

Masabata oyambirira ndinkaona ngati akuthandiza, kaya anali maganizo chabe kaya, sindikudziwa. Kenako zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Ndinkakhala phee pampando ku ofesi, osaganiza choipa chilichonse, koma mtima ukuthamanga ngati ndakwera chitunda ndi ndowa yamadzi pamutu. Manja anayamba kunjenjemera moti polemba pa kompyuta zala zinkagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi, ndipo tiyi wa abwana ndinasiya kuwapititsira chifukwa theka lake linkathera m'sosala. Njala ndiye musanene! Ndinkadya m'mawa, pofika ku ofesi ndagula mandasi, masana chipisi mbale yodzaza, pobwerera chimanga chootcha, koma masiketi akungokhwepa, mpaka ndinayamba kuwamanga ndi pini. Kuchimbudzi kunali kupita pafupipafupi, tsitsi linkatsalira m'chipeso, tulo tinathawiratu, ndipo kanthu kakang'ono kankandipsetsa mtima moti ndinkadzidabwa ndekha.

Ndinawauza alamu anga zonsezi, poti ndiwo anali dokotala wanga. Mukudziwa chimene anayankha? Anati zimenezo ndiye nkhawa zenizenizo, zakula chifukwa ndikumwa pang'ono, ndiwonjezere. Ndinawonjezera. Zitaipiraipira ndinawaimbiranso foni, iwo anati mankhwala akulimbana ndi matenda, poizoni akutuluka m'thupi, ndisafooke, ndiwonjezerenso. Abale inu, munthu wosadziwa n'komwe kumene kuli chiwindi m'thupi mwake, kumandiuza ine za poizoni wotuluka! Koma panthawiyo zinkamveka zanzeru, chifukwa mtima kuthamanga, kunjenjemera, kusowa tulo, zonsezo aliyense amadziwa kuti ndi zizindikiro za nkhawa. Ndiye ndikadwala kwambiri ndinkamwa ambiri, ndikamwa ambiri ndinkadwala kwambiri, botolo likatha iwo ankabwera ndi lina akumwetulira.

Chimene chinandigwetsa m'manja mwawo ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala mumaudziwa mmene umakhalira mu Blantyre, koma chimene ndinkamva ine sichinali cha dzuwa lokha, moto wake unkachokera m'kati. Anzanga ku ofesi ankadandaula kuti fani ikuwazizira, ine bulauzi ili chonyowa mpaka kumsana. Tsono ganizirani munthu wotero ali m'diresi yakuda ya manja aatali, chitenje chakuda pamwamba, duku lakuda kumutu. Tsiku lina ndikudikira minibasi pa Ginnery Corner ndinaona kuti ndikomoka, ndinavula dukulo n'kudzithira botolo lamadzi kumutu anthu akuona, makondakitala n'kumakuwiza. Sindikudziwa amene anakanena, koma nkhani inafika ku Bangwe ine ndisanafike ku Nancholi. Loweruka lotsatira apongozi ndi alamu anatulukira masana osagogoda, n'kundipeza nditakhala pa simenti, nditangomanga kachitenje kamaluwamaluwa pachifuwa, fani ili kumaso, ndikudya mpunga wa m'poto. Apongozi anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kutsonya, kenako anatuluka.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka nkhani. Poyamba ankati ndili ndi kachilombo, ndiye ndinapita ndekha kukayezetsa, ndinapezeka ndilibe, koma mwatsoka ndinangoyezetsa chokhacho n'kubwerera, osauza aliyense zina zonse zija. Atamva kuti ndilibe anasintha nyimbo, ati ndapeza mwamuna wina n'chifukwa chake zakuda zikundiwotcha. Kenako inabwera yaikulu. Ati munthu amene akudya ngati anthu atatu koma n'kumauma, amene sagona, amene akunjenjemera popanda womuopseza, amene maso ake angoti tong'o ngati akuona chinthu chimene ena sakuchiona, ameneyo akusautsidwa ndi mzimu wa munthu amene anamupha. Maso anga analidi atasintha, ndinkadziopa ndekha pagalasi. Ngakhale amayi ena amene ndinkapemphera nawo anabwera kudzandiona, ati tipemphere, koma pemphero lake linali londiuza kuti ngati pali chimene ndikubisa ndiulule kuti ndipeze mtendere. Ndiulule chiyani? Tsiku lina mwana anataya tiyi pampando alamu ali pomwepo, ine ndinamukalipira mopitirira muyezo mpaka mwana anathawira kuseri kwa chitseko, alamu n'kumangogwedeza mutu ngati apeza chimene ankafuna.

Mvula isanayambe akuchimuna anaitanitsa msonkhano wa banja kunyumba kwa apongozi ku Bangwe, ati tikakambirane za tsogolo la mwana. Ine ndinapita ndi achimwene anga, amene anali nkhoswe yanga, ndipo anatiuza kuti mwanayo tibwere naye azikasewera ndi asuweni ake panja. Masiku amenewo ndinali ndi chimfine ndi kutentha thupi, koma ndinadzikoka. Titangofika alamu ananditengera kukhitchini n'kundipatsa makapisozi ena owonjezera pa amene ndinali nditamwa kale m'mawa, ati kuti ndisakanjenjemere pamaso pa akuluakulu. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti kodi ankadziwa chimene ankachita? Sindikhulupirira kuti ankadziwa, nzeru zotero alibe, koma umbuli wawo unatsala pang'ono kundiika m'manda. Tinakhala m'chipinda chochezera, denga la malata lopanda siling'i, dzuwa lili paliwombo, mawindo otseka kuti anthu oyandikana nawo asamve, ine ndili m'zakuda zanga zija.

Amene ankayendetsa nkhani anali amalume awo a malemu, bambo wa jekete ndi tayi pa kutentha konseko. Anayamba mozungulira, za chikondi, za umodzi wa banja, kenako anafika pamene ankapita. Anati mwana wawo, amuna anga aja, anagwa atangomaliza kudya chakudya chimene ndinamulongedzera ine m'mawa wa tsikulo, ndipo banja likufuna kudziwa kuti m'chakudyamo munali chiyani. Achimwene anga anadzuka n'kunena kuti chipatala chinanena kale chimene chinapha munthuyo, koma anauzidwa kuti akhale pansi, achipatala sadziwa zonse. Ndiye apongozi analowa kuchipinda n'kutulukira ndi kontena ija amuna anga ankatengeramo chakudya, yomwe anzawo a kuntchito anabweza pamodzi ndi zovala zawo, ine osadziwa kuti anaisunga nthawi yonseyi. Anandiuza kuti nditambasule manja ndiinyamule, ndinene pamaso pa onse kuti sindinathiremo kanthu, ati ngati ndilibe mlandu manja anga akhala bata. Manja amene ankalephera kunyamula kapu ya tiyi! Ndinainyamula, inayamba kugwedezeka, chivindikiro chikulira gwedegwede m'chipinda monse muli zii, mpaka inandipulumuka n'kugubuduzika pansi. Apongozi anakuwa kuti mwaona nokha.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira mwa apo ndi apo. Mtima unayamba kugunda mosalongosoka, kuthamanga, kuima, kuthamanganso, ndinkaumva kukhosi ndi m'makutu. Thupi linatentha ngati andiika mu uvuni, mpweya unkakana kulowa, ndinasanza pomwepo pa kapeti ya apongozi n'kugwa chammbali. Mutu unasokonekera, ndinaona amuna anga ataima pakhomo atavala ovolosi yawo ya kuntchito, akundiyang'ana mwachisoni. Ine m'maganizo mwanga ndinkati akhumudwa chifukwa ndinavula duku lija, ndiye ndinayamba kuwaitana ndi dzina, kuwapempha kuti andikhululukire, sindinachitire dala, kunkatentha. Anthu aja anangomva mawu oti andikhululukire ndi oti sindinachitire dala, basi, kwa iwo mlandu unathera pomwepo. Ndinkamva mawu a alamu chapatali akunena kuti waulula, waulula yekha, aliyense asamukhudze, musiyeni malemu mwini wake amalize naye. Ndinkaona mapazi awo atandizungulira, nsapato zopolisha bwino, palibe ngakhale mmodzi anawerama kundipatsa madzi. Mantha amene ndinamva pamenepo sindingawafotokoze, ndinadziwa kuti ndikufa, ndipo ndikufa anthu akuonerera ngati mpira.

Achimwene anga ndi amene anandipulumutsa. Amandiuza kuti anachita kukankha amalume aja mpaka anagwera pampando, n'kundinyamula paphewa kutuluka nane kumsewu, kumene anaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa n'komwe. Ndinatsitsimuka ndili pabedi m'chipatala, diripi ili pamkono, atandiyala nsalu zonyowa thupi lonse. Adokotala amene ankandiona anali mayi wodekha, wosathamangira kulankhula. Anandigwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima, anandiyang'ana m'maso, anandipapasa pakhosi n'kundiuza kuti ndimeze malovu, kenako anafunsa ngati ndikumwa mankhwala alionse. Ine ndinati ayi, poti m'mutu mwanga mankhwala ndi a kuchipatala okha. Anafunsanso kachiwiri, ati ngakhale azitsamba, ngakhale ogula m'shopu, ngakhale opatsidwa ndi mnzanga. Apo ndiye ndinatchula makapisozi aja, ndipo anatuma achimwene anga kuti akatenge botolo kunyumba. Ataliwerenga anangopumira m'mwamba, n'kulamula kuti anditenge magazi akayeze chithokomiro.

Ine chithokomiro ndinkachidziwa ngati chotupa chija chimamera pakhosi pa anthu ena, sindinkadziwa kuti aliyense ali nacho. Adokotala anandifotokozera kuti ndi kachiwalo kakang'ono kapakhosi kamene kamalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito, ndipo changa chinali chikugwira ntchito mopitirira muyezo kwambiri, n'chifukwa chake mtima unkathamanga, thupi linkatentha, chakudya chinkangopsa osandinenepetsa, manja ankanjenjemera, ukali unkabwera wokha. Anati pali mankhwala ena amene anthu amamwa pofuna kuchepetsa nkhawa, ena a kuchipatala, ena azitsamba ngati angawa, amene mwa anthu ena, osati onse, amatha kuchiputa chithokomiro. Anati sangalumbire kuti makapisoziwo ndiwo anayambitsa, mwina vutolo linali litayamba kale mobisika iwo n'kungolikolezera, koma ndisadzawamwenso. Choopsa chake, anatero, n'chakuti zizindikiro za chithokomiro chotere zimafanana kwambiri ndi za nkhawa, ndiye munthu amawonjezera mankhwala omwe akumupwetekawo. Chimfine chija pamodzi ndi kupanikizidwa kwa tsikulo ndi zimene zinandigwetsa, ndipo anati achimwene anga akanachedwa pang'ono tikanakamba zina.

Ndinalira, koma kunali kulira kwa mpumulo, kuti kani sindine wamisala, kani palibe mzimu ukundilondola. Ndiye ndinafunsa za mwana wanga. Achimwene anga anayamba kuyang'ana kuwindo, ati ali bwino, ndiyambe ndachira. Ndinafunsa tsiku lotsatira, yankho lomwelo. Nditawaumiriza anandiuza zoona, kuti tsiku lomwe lija iwo akuthamanga nane kuchipatala mwana anatsala ku Bangwe, ndipo atapita kukamutenga anawabweza pageti. Ati mwanayo ndi magazi awo, analowola, ndipo sangaleredwe ndi mfiti imene yaulula yokha pamaso pa mboni kuti inapha bambo ake. Akuchimunawo anali atapita kale kunyumba kwanga kukatenga zovala zake ndi yunifolomu, n'kukamulembetsa sukulu ina kufupi ndi kwawo. Ine ndili chigonere ndi diripi, anthu ali bize kugawana mwana wanga ngati katundu wamasiye.

Nditatuluka m'chipatala, ndi mankhwala enieni tsopano, ochepetsa liwiro la mtima ndi oletsa chithokomiro chija, tinapita ku Bangwe ndi achimwene anga ndi amalume anga. Tinawafotokozera zonse zimene adokotala ananena. Mukuganiza kuti anachita manyazi? Olo pang'ono! Alamu anaimirira manja ali m'chiuno, ati mankhwala awo agulitsa kwa anthu ambirimbiri mu Limbe monse palibe ananjenjemerapo, ndiye ine ndine ndani, ndisawaipitsire bizinesi pofuna kubisa ufiti wanga. Apongozi anati madokotala amapereka dzina la Chizungu pa chilichonse, koma iwo anamva ndi makutu awo ndikupempha chikhululuko. Mwana sanandionetse n'komwe, anamutsekera kuchipinda. Ndinachita kukadandaula ku ofesi yoona za ana, kenako kubwalo la milandu, kuyenda maulendo osawerengeka ndili wofooka, dzinja lonse linathera m'njira. Pomaliza bwalo linagamula kuti mwana abwerere kwa mayi ake. Ndinkaganiza kuti mavuto anga athera pamenepo.

Tsiku lokamutenga ndinavala diresi imene ankaikonda, zakuda zija ndinali nditazitaya kale popanda wondisudzula, ndani akanandiuzanso za mwambo? Ndinali nditayamba kubwerera m'thupi, manja atasiya kunjenjemera. Nditamuona ndinagwada n'kutambasula manja, koma mwana wanga, amene ndinamubereka ndekha, anathawira kumbuyo kwa alamu n'kugwira chitenje chawo zolimba. Anachita kumukoka kuti alowe m'galimoto, njira yonse anakhala atapanikizika kuchitseko osandiyang'ana. Kunyumba ndinamuphikira mpunga wa nyemba ndi dzira lokazinga, chakudya chimene kale ankachivinira. Anakhala patebulo manja atawapanira pansi pa ntchafu, akungoyang'ana mbale, misozi ili chuchuchu. Nditamunyengerera kwa nthawi yaitali anandiuza monong'ona kuti azakhali anamuuza kuti adadi anafa chifukwa anadya chakudya chophika ine, ndipo nayenso akadzangodya adzafa. Kenako anandipempha, mwaulemu wake wonse, kuti chonde ndisamuphe, azikhala mwana wabwino, sadzatayanso tiyi.

Abale anga, ndinadwala, ndinatsala pang'ono kufa, ndinatchedwa mfiti, koma palibe chimene chinandipweteka ngati mawu amenewo. Munthu wamkulu, mayi wobereka, kukhala pansi n'kumuuza mwana wamng'ono chonchija zinthu zotero, ameneyo mumamutcha chiyani? Masiku oyambirira mwanayo ankangodya mabisiketi a m'paketi yosatsegula ndi chakudya cha kwa aneba. Njira imene ndinapeza inali yoti tizidyera mbale imodzi, ine ndiyambe kutapa, nditafune, ndimeze iye akuona, adikire pang'ono aone ngati ndigwe, kenako nayenso atape pomwe ndatapa inepo. Tinadya choncho kwa miyezi yambiri. Lero ndi mtsikana wamkulu, ali ku sekondale, amadziwa zonse, anawerenga yekha za chithokomiro, amandikonda ndipo amakwiya akakumbukira zimene anamuuza. Koma mpaka pano tikakhala patebulo, supuni yake siinyamuka ine ndisanameze. Iye sadziwa kuti amachita zimenezi, ndipo ine sindinamuuzepo.

Kupepesa ndiye sikunabwere, ngakhale kwa pa foni. Apongozi anamwalira akukhulupirirabe kuti ndinawaphera mwana. Alamu alipo, shopu ikuyenda, mabotolo aja ali mbwee pashelefu. Chaka chatha tinakumana maso ndi maso mu Limbe, iwo n'kuyamba kuseka, ati koma ndiye mwanenepatu mlamu, zakale zija tiziiwale ndife banja limodzi. Ndinawayang'ana, ndinawadutsa ngati ndadutsa mtengo wa magetsi. Abusa anandiuzapo kuti ndikhululuke kuti mtima wanga upepuke, ndinawayankha kuti mtima wanga unapepuka ndi mankhwala a kuchipatala, zinazo aweruza ndi Mulungu.

Chimene ndimakhulupirira lero ndi ichi. Panalibe mzimu, panalibe ufiti, amuna anga anagona mumtendere ndipo sakanandizunza. Adokotala anati sangalumbire, ndi ntchito yawo kusamala polankhula, koma ine ndimalumbira kuti ndi makapisozi aja, chifukwa ndisanawamwe ndinali munthu wachisoni chabe, nditawamwa ndinasanduka chinthu choopsa ana, nditawasiya n'kulandira chithandizo ndinabwerera mwakale. Ndimakhulupiriranso kuti anthu aja ankafuna kale munthu womuloza chala pa imfa ija, thupi langa linangowapatsa poyambira.

Ndiye inu amene mukumwa mankhwala a nkhawa, kaya anakupatsani adokotala, kaya munagula kwa mayi wina wa chikwama amene amati ndi zachilengedwe, mukaona mtima ukuthamanga muli chikhalire, mukudya koma mukuonda, mukutuluka thukuta anzanu akumva kuzizira, manja akunjenjemera, musawonjezere, ndiponso a kuchipatalawo musasiye panokha. Nyamulani botolo lomwelo mupite nalo kwa adokotala, muwauze zonse, muwapemphe akuyezeni chithokomiro. Ndipo inu achibale okonda kumasulira matenda a anzanu, mukaona mayi wamasiye akuuma ndi kunjenjemera, mutengereni kuchipatala, osati kubwalo lanu la m'nyumba. Mukalephera zimenezo, tsekani pakamwa panu pamaso pa ana ake. Chithokomiro changa anachichiza madokotala, koma chimene munaika m'mutu mwa mwana wanga ndimadya nacho patebulo tsiku lililonse, ndipo chimenecho sindidzakukhululukirani.